Mutu 6: Njira Yodutsa Pansi pa Nyumba Yathu

1. Mikono isanu ya amayi

Nyumba yathu ya ku Patan inagwa ndi chivomerezi chachikulu, ndipo bambo anga anatsalira momwemo. Ine ndinali nditatumidwa kumsika. Amayi anapulumuka chifukwa cha a Bekha Narayan, bambo wonenepa wogulitsa chambiko, amene ankakhala m'bwalo la kuseri kwa nyumba yathu. Anafukula njerwa ndi manja mpaka zikhadabo zinazuka, n'kuwatulutsa amayi ali moyo.

Tinakhala zaka zitatu m'chisakasa cha malata. Nthawi yomanganso itakwana ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pakamwa panga panali patakula kuposa msinkhu wanga.

Malo athu, mbali yoyang'ana kumsewu, anali mikono khumi ndi isanu ndi umodzi. Mikono inayi inali ya njira yodutsa pansi pa nyumba, imene mabanja asanu a m'bwalo la kuseri ankatulukira popita kumsewu. Njira ina analibe. Mikono khumi ndi iwiri yotsalayo inali yoti agawane bambo aakulu, a Tirtha Man, ndi amayi anga.

Bambo aakulu ananeneratu kuti sitolo yawo ya miphika yamkuwa inali mikono isanu ndi iwiri chivomerezi chisanachitike, ndipo idzakhalabe choncho. Amayi anatsala ndi isanu. M'mikono isanuyo munafunika kulowa makwerero opita m'zipinda zam'mwamba, makina osokera, thebulo lodulirapo nsalu, ndi malo oti munthu wodzasoketsa aimepo. Aliyense ankaona kuti sizingakwane. Ndipo makinawo ndi amene ankatidyetsa.

"Mlamu, bwanji osangotenga chipinda cha kuseri?" anatero bambo aakulu. "Kodi makina anuwo amafuna kuonera anthu odutsa? Kuseri n'kozizira bwino, kulibe ndi fumbi lomwe."

"Ngati n'kwabwino, kaikeniko miphika yanu," ndinayankha ine. "Miphika siifa maso ndi mdima."

"Prajita, tseka pakamwa," anatero amayi, uku akunditsina pantchafu. Koma mawu anali atatuluka kale. Bambo aakulu anawauza amayi kuti akulera tsabola m'nyumba, n'kunyamuka osamaliza tiyi wawo. Nkhaniyo inatumizidwa kwa akuluakulu a guthi, bungwe la m'dera mwathu limene limayendetsa maliro ndi kusamala njira ndi mabwalo. Iwo anati tidzakumane pakatha masabata atatu.

2. Anthu a dongo

Kuyambira tili m'chisakasa ndinkapanga tinyumba ta makatoni. Palibe anandiphunzitsa. Makatoni ndinkapempha kusitolo ya mankhwala, ndinkadula ndi lezala lakale la bambo, n'kumata ndi phala la ufa wa tirigu. Tsono ndinaganiza zopanga kanyumba koti kakaonetse akuluakulu aja kuti malo athu angagawike mofanana.

Kanyumba koyamba ndinakaonetsa a Hira Kaji, mmisiri wosema mazenera amatabwa, amene ankagwira ntchito kumapeto kwa msewu wathu. Anali atakalamba, ndipo chala chawo chimodzi chinali chodukira pakati. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa ngati ndamangira mbewa kapena njovu, popeza khomo linali ngati la khola la nkhuku pomwe pazenera pakanatha kulowa ng'ombe.

Ndinafuna kulanda kanyumba kanga n'kumapita. Anandigwira dzanja n'kundikhazika pa chipika.

Tsiku limenelo anandiphunzitsa muyezo. Chala chimodzi pa katoni chiimire mkono umodzi pa nthaka, ndipo zisasinthe kuyambira pamaziko mpaka padenga. Anati tiyezera chala changa, chifukwa chawo chodukacho chikhoza kubera anthu malo. Anasema kamtengo n'kulembapo timizere, kuti ndisamayeze ndi chala ichi lero, mawa ndi china. Kenako anandituma kukapempha dongo kwa oumba mbiya. Tinaumba tianthu tisanu, kalikonse kotalika pafupifupi zala zinayi, monga munthu alili pafupifupi mikono inayi.

"Mvetsera, mwana wa Ratna," anatero, kutchula dzina la malemu bambo anga. "Nyumba ndi khoma, chibowo, ndi njira. Khoma limati ima apa. Chibowo, kaya ndi khomo kaya ndi zenera, chimati lowa, ndipo chimauza dzuwa ndi mphepo zomwezo. Njira ndi imene ana inu mumaiiwala, chifukwa simuidula, simuimata, ndi malo opanda kanthu. Koma munthu sakhala m'khoma, amakhala m'malo opanda kanthuwo. Ukamaliza kumata, ika anthu ako m'kati. Gwada, diso lako lifanane ndi mitu yawo, usuzumire pakhomo. Ukaona kuti iweyo sungafune kukhala kadongo kameneko, phwasula uyambirenso. Katoni salira ukamuphwasula. Njerwa ndiyo imaliza anthu."

Ndinagwada n'kusuzumira. Aka kanali koyamba kuona kanyumba kanga ndili m'kati mwake. Denga linali pamutu penipeni pa kadongo kaja, ndipo kumbuyo kwake kunali mdima ngati m'mbiya. Ndinaphwasula ndekha osauzidwa.

Masabata awiri ndinkapita kwa iwo ndikaweruka kusukulu. Anandiuza kuti ndizimata makatoni atatu pamodzi popanga khoma, chifukwa njerwa ili ndi thupi ndipo imadya malo. Ndinaphunzira kuti makwerero amadya kawiri, pansi pamene ayambira ndi m'mwamba pamene atulukira. Loweruka tinkatulutsa kanyumba panja m'mawa, n'kulemba ndi pensulo pamene kuwala kwafika m'chipinda, masana n'kulembanso. Ndinadabwa kuona kuti kukweza zenera ndi chala chimodzi chokha kumakankhira dzuwa mpaka kukhoma la kumapeto.

Ndinkayendetsanso ulusi wofiira kuchokera pakhomo la kumsewu mpaka kukhitchini ya pamwamba penipeni. Paliponse pamene ulusiwo wakhota mwamphamvu, a Hira Kaji ankaloza n'kunena kuti pamenepo padzasweka mtsuko wa madzi, ndipo wolakwa adzamuyesa mtengwa wa m'nyumbamo, pomwe wolakwa weniweni ndi amene anadula katoni.

Sindinaonepo masiku okoma ngati amenewo. Ndikanangomvera mpaka kumapeto.

3. Kamtengo ka zala zisanu

Sabata lachitatu ndinapanga kanyumba kokaonetsa akuluakulu. Bambo aakulu ndinawapatsa mikono isanu ndi iwiri. Amayinso isanu ndi iwiri, ndendende. Mikono iwiri yowonjezerayo ndinaitenga ku njira ija, imene inkadutsa m'mbali mwa chipinda cha amayi. Njirayo inatsala mikono iwiri. Makwerero athu ndinawaika kumapeto kwa chipinda atatulukira kunja, choncho njira inakhota ngati chigongono isanafike m'bwalo.

A Hira Kaji anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola kamtengo pansi, anakayeza zala zisanu, n'kukathyola. Anakalowetsa m'kanjira muja chogona. Kanafika pokhota paja n'kukakamira. Anakabweza, anakapendeketsa, kanakanabe.

Ndinafunsa kuti kamtengoko n'chiyani.

"Chithatha," anatero.

Ndinalavula malovu pambali, poti zimenezo sizitchulidwa pa nyumba imene sinamangidwe. Iwo sanasamale.

"Lavula, koma umve. Agogo ako sanasiye njira ya mikono inayi chifukwa choti anali ndi malo otaya. M'bwalo lija muli mabanja asanu. Mkwatibwi amalowera apa, wakufa amatulukiranso apa. Wamoyo amapinda mimba, amadutsa chammbali, amatukwana n'kumapita. Wakufa sapinda. Amagona pa nsungwi za mikono isanu, amuna anayi atanyamula pamapewa, ndipo akangomunyamula satsitsidwa pansi, saimiritsidwa, sabwezedwa m'mbuyo, mpaka kumtsinje kumene amakamuotcha. Iwe ukuzidziwa zimenezi, unaona bambo ako akunyamulidwa. Ukufuna chilungamo, ndipo sindikukutsutsa. A Tirtha Man akuwapondereza amayi ako, msewu wonse ukudziwa. Koma mikono iwiri imeneyi sunaitenge kwa a Tirtha Man. Waitenga kwa anthu amene alibe mbali pa mkangano wanu, ndipo tsiku limene adzaifune sadzakhala ndi pakamwa pofunsira. Kalimbane ndi bambo ako aakulu kuti mugawane isanu ndi umodzi, isanu ndi umodzi. Zikakanika, tikhale pansi tione ngati mikono isanu singakwanedi. Koma njira isiye."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti bambo aakulu sangalole kutaya ngakhale chala chimodzi, ndipo iwo akudziwa. Ndinati akukondera chifukwa pa zikondwerero amamwera limodzi mowa wa mpunga ndi bambo aakuluwo. Ndinatinso nkhalamba zonse za msewu wathu zimasamala za akufa chifukwa amasiye amoyo siziwaona. Mawu omalizawo ndinawanena mokweza, mpaka anthu odutsa anacheuka.

Sanandibwezere. Anangoti mawa lake akupita ku Gorkha kukakonza mazenera a kachisi ndipo akakhalako miyezi ingapo. Anandipempha kuti ndisanapite kwa akuluakulu ndiyesenso kamtengo kaja pandekha, mtima utazizira.

Kamtengoko ndinakaponya m'ngalande ndisanafike n'kuchisakasa komwe.

4. Zala zitatu

Amayi atakaona kanyumbako anapukuta manja kaye asanakagwire. Anaika chala pansi pa zenera, pamene ndinajambula makina awo, n'kundifunsa ngati dzuwa lidzafikedi pamenepo. Ndinati lidzafika. Chala chawo chinakhalitsa pamalopo.

Mawa lake ndinaika tianthu tanga m'kanjira muja. Kamodzi kanalowa mapewa akukhula makoma. Tiwiri sitikanatha kupatukirana. Aliyense woona akanadziwa kuti njirayo yachepa.

Ndinatenga dongo lotsala n'kuumba tianthu tina. Iti ndinatichepetsa: zala zitatu zosakwana, mapewa ang'onoang'ono. Ndinatiumitsa padenga la chisakasa. Nditatiika m'njira, tiwiri tinaima moyandikana, malo n'kutsalako. Takale tija ndinatiphwanya ndi mwala.

Palibe anandikakamiza. Ndinachita dzuwa likuswa mtengo, maso anga onse awiri ali otsegula.

Akuluakulu anakumana pa khonde lopumirapo anthu la pamphambano. Wotsogolera anali a Moti Lal, bambo wofatsa wa magalasi okhuthala. Onsewo anali asanaonepo nyumba yoti n'kuichotsa denga n'kuona m'kati, ndipo ankapatsirana kanyumbako ngati khanda. Ndinachotsa chipinda chimodzichimodzi, kuwaonetsa polowera, pokwerera, ndi pogwera dzuwa.

Bambo aakulu anayeza sitolo yawo kawiri ndi kamtengo ka muyezo. Atapeza mikono isanu ndi iwiri anati mwana wa mng'ono wawo ali ndi mutu ndithu, vuto ndi lilime lokha. Za njira analibe nazo ntchito, poti iwo ankalowera kumsewu.

A Bekha Narayan anabwera kudzaimira mabanja a m'bwalo. Anagwada movutikira n'kusuzumira m'kanjira kaja ndi diso limodzi.

"Mwanawe, sinachepe imeneyi? Mimba iyi ndaisamala zaka makumi asanu, sindikufuna kumaisiya m'bwalo ndikamapita kumsika."

"Taonani anthu awiri akudutsana, bambo," ndinatero, ndikuloza tianthu tija.

"Ngati awiri akudutsa, ndiye kuti ine ndikwana ndendende," anatero, anthu onse n'kuseka.

A Moti Lal anafunsa ngati a Hira Kaji anakaona kanyumbako. Ndinayankha kuti anakaona. Sindinaname, koma sindinanenenso zimene anandiuza. Onse anadinda zala papepala, ndipo omanga anapatsidwa miyezo imene ndinalemba ine.

5. Dzuwa la amayi

Tsiku lokumba maziko, kapitawo wa omanga anatambasula chingwe, anaima, n'kundifunsa ngati sindinalakwitse kulemba, chifukwa mikono iwiri ndi njira ya mbuzi. Ndinamuonetsa pepala la zala za akuluakulu n'kumufunsa ngati iye ndi wanzeru kuposa guthi yonse. Anagwedeza mutu n'kukhoma zikhomo.

Makoma atafika m'chiuno, a m'bwalo anayamba kung'ung'udza. Njinga yamoto inkachita kukokedwa pokhota paja, ndipo kabati ina inakana kulowa mpaka anaiphwasula. Koma pepala linali litadindidwa kale, ndipo panalibe amene akanayerekeza kutchula chithatha pa nyumba imene wansembe anali atangoidalitsa.

Tinalowa nyengo yozizira itangoyamba. Chipinda cha amayi chinali monga ndinachionera pa katoni. Dzuwa la m'mawa linkagwera pa singano penipeni, ndipo amayi anasiya kutsinzinira polowetsa ulusi. Azimayi ankabwera ndi nsalu za ukwati, kukhala pa benchi, kumwa tiyi n'kumajeda apongozi awo. Amayi ananenepako. Tsiku lina ndinawamva akuimba, koyamba chimwalirireni bambo.

Ndikulemba izi kuti musaganize kuti cholakwa chimawawa tsiku lomwelo. Changa chinakoma miyezi inayi.

A Bekha Narayan ankadutsa m'mawa uliwonse ndi mbiya za chambiko zitalendewera pa mtengo wa paphewa. Akafika pokhota ankatula mtengowo n'kudutsitsa mbiya imodziimodzi. Sanadandaulepo. Ankangogogoda khoma lathu n'kukuwa kuti, "Mmisiri, wandimangira njira yondiletsa kudya!" Akatero ankasiyira amayi kambale ka chambiko pazenera.

6. Pokhota

A Bekha Narayan anamwalira Lachiwiri m'mawa akusamba pachitsime cha m'bwalo. Mtima unangoima.

Pofika masana amuna a guthi anali atamanga chithatha cha nsungwi zaziwisi. Thupi analikulunga m'nsalu yachikasu, n'kuliwaza maluwa ndi ufa wofiira. Ine ndinaima kumsewu, pakhomo la chipinda cha amayi, pamodzi ndi anthu ena odikira. Tinamva ng'oma ndi kulira kwa akazi zikuyandikira. Woimba ng'oma anatulukira yekha, anacheuka, n'kusiya kuimba.

Ndinasuzumira m'njira muja. Nsungwi za kutsogolo zinali zitagunda khoma la makwerero athu. Onyamula anabwerera m'mbuyo, chinthu chimene sichichitika, n'kuyesanso. Anayi sakanakwana, ndiye anatsala awiri, ndipo malemuwo anali olemera. Wina anati apendeketse. Thupi linayamba kutsetsereka, maluwa anagwera m'matope, ndipo mkazi wa malemu, mayi Chini Maya, analira kulira kumene sindinakumvepo kwa munthu.

Anatsitsa chithatha pansi. Anamasula zingwe. Mwana wawo wamwamuna anagwira kumapewa, mphwawo anagwira kumiyendo, n'kudutsa nawo pokhota paja ngati thumba la mpunga. Phazi limodzi linatuluka m'nsalu n'kukhula khoma. Nsungwi anazidutsitsa pazokha, choimika, ndipo malemu anawamanganso pamsewu, patsogolo penipeni pa khomo lathu, anthu a m'misewu ina akuonerera.

Palibe anandiyang'ana. Mwana wawo uja anangogwira khoma la chipinda chathu n'kufunsa a Moti Lal motsitsa mawu kuti, "Bambo anga anafukula nyumba imeneyi ndi manja awo. Ndiye kuthokoza kwake n'kumeneku?"

A Moti Lal anavula magalasi.

7. Masiku anayi

Masiku olira atatha, akuluakulu anagamula kuti khoma la m'mbali mwa njira ligwe, makwerero athu achotsedwe, ndipo njira ibwerere pa mikono inayi. Ntchito inali yoti iyambe Loweruka. A Moti Lal anadziimba mlandu okha pamaso pa onse. Anati maso awo akalamba, anaona njira yotakata pamene panalibe.

Nditabwerako kusukulu tsikulo ndinapeza amayi akumasula makina pa thebulo lake. Sanatukule mutu.

"Prajita, unkadziwa?"

Ndinawauza zonse: za kamtengo, za mawu a a Hira Kaji, za tianthu timene ndinachepetsa. Ndinayembekezera mbama. Iwo anapitiriza kumasula, n'kumaika tizitsulo m'kambale kamodzikamodzi.

"Ine ndikanasokera kuseri, mwana wanga," anatero. "Maso akanandipweteka, inde, ndipo alamu anga ndikanawasungira chakukhosi mpaka kufa. Koma lero ndikanatha kukakhala pafupi ndi Chini Maya n'kumugwira dzanja. Dzulo ndinapita ndi mpunga, ndinafika pokhota paja, n'kubwerera. Miyezi inayi ndakhala ndikuothera dzuwa la mwamuna wake osadziwa, ndikudyanso chambiko chake. Iwe umati ukundimenyera nkhondo. Ukanandifunsa kaye ngati ndikufuna kupambana motero. Wopondedwa akaponda mnzake sakhala kuti wadzuka, mwanawe. Amangowonjezera ogona pansi."

Tili pomwepo bambo aakulu analowa osagogoda. Anayeza chipinda ndi maso, n'kunena kuti khoma likagwa ndipo makwerero akalowa m'kati, chotsalacho sichidzatchedwanso chipinda. Anati iwo ndi okonzeka kuchiphatikiza ku sitolo yawo, ife n'kupita kuseri monga ananenera poyamba paja, ndipo pepala alikonza kale. Amayi anati adzayankha Loweruka. 

Kunatsala masiku anayi. Nditamva kuti a Hira Kaji abwerako ku Gorkha, ndinanyamula makatoni ndi lezala n'kupita. Ndinawapeza pakhomo akunola zitsulo zawo zosemera. Anali atamva zonse. Sanandikumbutse zimene anandiuza, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira. Ndinawafunsa ngati mikono isanu ingathedi kusunga makina ndi makwerero.

"Mwina," anatero. "Sindikulonjeza. Ku Gorkha ndaona makwerero ena odya malo ochepa, tikhoza kuyesa. Koma makatoniwo siya apa. Sindidula nawe kanthu usanakalankhule ndi mayi Chini Maya. Iwo mpaka lero akuganiza kuti inali ngozi chabe, ndipo a Moti Lal akuyenda chowerama chifukwa cha ntchito ya manja ako. Kawauze ndi pakamwa pako, pomwe unandilalatira napo paja. Usakayambe ndi za bambo ako aakulu, usakayambe ndi za umasiye wa amayi ako. Kayambe ndi zimene unachita iwe. Akakuthamangitsa, bwera. Akakukhazika pansi, khala mpaka akuuze kuti pita."

Ndinasiya makatoni pa chipika. Ndinabwerera, ndinalowa m'njira muja, ndinakhota, n'kutulukira m'bwalo.

Mayi Chini Maya anali atakhala pakhonde atavala zoyera, akupeta mpunga umene unali wopetapeta kale. Atandiona anasendeza lichero n'kundikonzera malo pamphasa, pambali pawo.

"Bwera, mwana wanga," anatero. "Malemu ankakukonda iwe. Khala apa, undiuze chimene chakubweretsa."